Kusintha madzi a betta: osakhuthula thanki yonse

Anzanga oweta betta, kansomba ka mchira ngati chitenje kaja, nthawi zambiri nsombazi zimafa tsiku loti mwini wake wachita khama kutsuka thanki. Munthu amaona madzi ada pang'ono nde amavuula nsomba kuika mukapu, kukhuthula madzi onse, kukwecha timiyala ndi sopo, kudzaza madzi apampope owala mbee, kenako kubwezamo nsomba ija. Mawa lake yagona pansi zipsepse zitamatana, mwina mkuja yapita. Chaipha si matenda ayi, ndi madzi atsopanowo.

Betta kwawo ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo monga Cambodia, imakhala m'minda ya mpunga ndi m'madambo momwe madzi ndi osaya, ofunda komanso oyenda pang'onopang'ono. Ili ndi kachiwalo kena m'mutu kamene kamaithandiza kupuma mpweya wapamwamba, nchifukwa chake mumaiona ikukwera kudzayasamula pamwamba pa madzi. Kachiwalo kameneka ndi kamene kanapusitsa anthu kuti betta ingakhale bwinobwino m'kabotolo ka madzi akale. Inde siifa msanga ngati nsomba zina koma imakhala ikuvutika. Ipezereni thanki ya malita 20 kapena kuposa, yokhala ndi fyuluta yosathamangitsa madzi kwambiri chifukwa zipsepse zazitalizo zimaitopetsa ikamalimbana ndi mafunde.

Tsono mumve chomwe chimachitika m'madzimo. Ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zikamaola zimatulutsa amoniya, ndipo nsombayo imatulutsanso amoniya popuma. Ameneyu ndi poizoni, amaotcha ziwalo zopumira zija za m'mbali mwa mutu. Koma mu siponji ya fyuluta ndi pa timiyala ta pansi mumakhala mabakiteriya abwino amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, nayenso ndi poizoni, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate amene sapweteka kwambiri pokhapokha achuluke. Mabakiteriya amenewa kuti akhazikike mu thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6, ndiye inu mukatsuka zonse ndi madzi apampope mwawapha tsiku limodzi ndipo thanki yayambiranso pa ziro. Cholinga chosinthira madzi ndi kuchepetsa nitrate ndi kuchotsa zinyalala basi.

Ngati thanki ili ndi fyuluta ndipo yakhazikika, chotsani gawo limodzi mwa magawo 4 kamodzi pa sabata, kutanthauza malita 5 pa thanki ya malita 20. Ngati ndi kathanki kakang'ono kopanda fyuluta amoniya amakwera msanga, pamenepo muzisintha kawiri kapena katatu pa sabata komabe osati onse. Nsomba isiyeni momwemo, kuithamangitsa ndi neti kumangoipatsa mantha ndi kuing'amba mchira. Zimitsani kaye fyuluta ndi hita yotenthetsa madzi pa soketi, hita ikatsala pamtunda ikuyaka galasi lake limatha kusweka. Tengani kapaipi kakang'ono, mbali ina muike mu ndowa pansi, mbali inayo muziilowetsa pakati pa timiyala, muona tizinyalala tabulauni tikukwera m'paipimo, timeneto ndi tomwe mukufuna tichoke. Maso akhale pa nsomba chifukwa betta ndi yachidwi, imabwera kudzanunkhiza paipi ndipo mchira utha kukokedwa. Siponji ya fyuluta muifinye mu ndowa ya madzi omwe mwachotsawo, kamodzi pa mwezi zakwana, pampope ayi. Madzi akudawo kathirireni ndiwo kudimba, nitrate ndi chakudya cha mbewu.

Ndowa ikhale ya nsomba yokha chonde. Yomwe munachapiramo zovala kapena kukolopera m'nyumba imatsalira sopo ngakhale mutsukuluze kangati. Manjanso muwatsukuluze ndi madzi okha ngati mwadzola mafuta.

Nkhani yaikulu ili pa madzi olowa. Madzi apampope amathiridwa klorini kuti ife tisadwale, ndipo nzabwino ndithu, koma klorini yemweyo amaotcha ziwalo zopumira za nsomba ndi kupha mabakiteriya aja. Chimodzimodzi madzi a m'nyumba omwe mwathira WaterGuard kapena HTH nthawi ya kolera, amenewo ndi akumwa anthu, ku thanki asayandikire. Akale ankati tungani madzi muwasiye osavindikira tsiku limodzi kapena awiri klorini auluka, ndipo ndi zoona ngati ali klorini wamba. Vuto ndi loti m'mizinda ina, monga ku Johannesburg ndi madera ena a ku Britain, amagwiritsanso ntchito chloramine, uyu ndi klorini wophatikizana ndi amoniya ndipo sauluka olo madziwo agone masiku. Ndiye musamachite zongoganizira, gulani mankhwala okonzera madzi kwa ogulitsa nsomba zoweta, monga Seachem Prime kapena Tetra AquaSafe. Werengani mlingo pa botolo chifukwa mphamvu zake zimasiyana, Prime mwachitsanzo ndi 5 ml pa malita 200, ndiye pa malita 5 ndi timadontho tiwiri kapena titatu chabe, kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Muthire mu ndowa, mutakase, kenako ndi pomwe madziwo alowe mu thanki.

Madzi apamjigo alibe klorini koma ena amakhala amchere kapena achitsulo, aja amasiya dzimbiri pansi pa ndowa, amenewo musawakhulupirire musanawayeze. Madzi a batire aja otchezedwa alibe michere yomwe nsomba imafuna, paokha sayenera. Chofunika ndi kukhala pa gwero limodzi, osati sabata ino apampope sabata ya mawa apachitsime, chifukwa pH, muyezo wa asidi m'madzi, ikamadumphadumpha nsomba imavutika kuposa ikanakhala yokwera pang'ono koma yosasintha. Pakati pa 6.5 ndi 7.5 ndi pabwino.

Kutentha nakonso anthu amakupeputsa. Betta imafuna madigiri 25 mpaka 27, ndipo mu June ndi July madzi ogona mu ndowa amazizira zedi, makamaka kumalo okwera ngati Dedza kapena Mzuzu. Mukawakhuthulira choncho nsomba imadzidzimuka, thupi limafooka, kenako timadontho toyera pathupi kapena kuola kwa zipsepse kumayamba. Gulani themomita, ndi yotchipa, chala chimanamiza. Ngati madzi atsopano ndi ozizira sakanizanimo otentha pang'ono a m'ketulo mu ndowa momwemo mpaka afanane ndi a mu thanki, kusiyana kusapose digiri imodzi kapena ziwiri. Pothira muzithira ndi kapu pang'onopang'ono m'mbali mwa galasi kuti timiyala tisavunduke, ndipo musadzaze mpaka kukamwa, siyani mpata wa mpweya pansi pa chivindikiro. Chivindikirocho chikhalepo ndithu, betta imadumpha.

Mukatha yatsani hita ndi fyuluta, ndipo muikhalire pafupi nsombayo kwa kanthawi. Ikatambasula zipsepse nkumazungulira kufufuza zinthu zili bwino. Ikamapuma mofulumira, kudzikhula pa timiyala kapena mtundu kuzilala, yezani amoniya ndi nitrite, onse awiri akuyenera kukhala pa 0. Akapezeka akwera sinthani theka la madzi ndi ena okonzedwa bwino, muchepetse chakudya, ndipo mawa lake muyezenso.