Kagalimoto kamagetsi: mtunda wake ndi katchajidwe

Amene mwagula kapena mukufuna kugula kagalimoto kamagetsi, makilomita amene kampani imalemba kuti galimoto ingayende batire ikadzaza aja musawadalire kwenikweni. Galimoto ya batire ya 40 kWh (muyeso wa moto umene batire imasunga) akhoza kuilembera makilomita oyandikira 300, koma poyesapo amasakaniza liwiro lochepa ndi lalikulu. Inu mukamathamanga 120 pa ola mumsewu waukulu, galimoto imalimbana ndi mphepo ndipo moto umatha msanga. Kukazizira n'kuyatsanso hita, ndiye mtunda umatsikiratu. M'tauni m'mene imachita bwino, chifukwa mukamachepetsa liwiro, mota imabwezera mphamvu mu batire.

Paulendo wautali, musadikire kuti batire idzaze pa tchaja yothamanga. Ikafika cha m'ma 80 peresenti, moto umayamba kulowa pang'onopang'ono poteteza batire, ndipo kunena zoona, kudikira kotsalako n'kungotaya nthawi. Bola kuima kawiri mwachidule. Fikani pa tchaja mutatsala ndi 10 kapena 20 peresenti, pamene batire imalandira moto mwachangu.

Kunyumba, tchaja ya pakhoma ya 7 kW (muyeso wa mphamvu ya tchaja) imadzaza batire ya 40 kWh ija m'maola pafupifupi 6, yabwino kusiya usiku. Soketi wamba imatenga maola oposa 15, ndipo chonde musalumikize pa ekisitenshoni, chingwe chimatentha. Matayala nawo muziwapopa mokwanira.