Momwe mungayendere ndi RV ku Tarpon Springs nyengo yozizira

Ikangofika Disembala, anthu a ku Canada ndi kumpoto kwa America amathawa chisanu n'kutsetserekera ku Florida pa ma RV, magalimoto aja okhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati. Ena amakathera ku Tarpon Springs, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Tampa. Kumeneku wamalonda wachigiriki, John Cocoris, anayamba kubweretsako Agiriki mu 1905 kuti azimira pansi pa nyanja kukathyola siponji yachilengedwe yomera m'nyanjamo, ndipo zidzukulu zawo zikadali komweko.

Yambani ndi kusungitsa pogona, galimoto mubwereke pambuyo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi makampu a RV amadzaza, choncho imbani foni kudakali miyezi ingapo. Auzeni kutalika kwa galimoto yanu, ndipo funsani ngati pamalopo pali madzi, paipi yotayira zonyansa komanso magetsi oyenera. Ma RV ena amafuna 30 amp, ena 50 amp, ndipo mapulagi ake ndi osiyana. Adaputala muyende nayo.

Kenako sankhani masiku. Nyengo ya anamondwe imatha pa 30 Novembala, ndiye Disembala kupita m'tsogolo mtima umakhala m'malo. Koma ngati n'kotheka, pa 6 Januwale pakupezeni muli m'tauni. Tsikuli mpingo wa Greek Orthodox umakumbukira ubatizo wa Yesu. Mapemphero akatha ku tchalitchi cha St. Nicholas Cathedral, chikhamu chimayenda pandawala mpaka ku dziwe la m'tauni lotchedwa Spring Bayou, komwe bishopu amadalitsa madzi n'kuponyamo mtanda woyera wamatabwa. Anyamata a zaka 16 mpaka 18, omwe amakhala atadikira m'timabwato, amadumphira m'madzi ozizirawo kulimbirana mtandawo, ndipo wautulutsa amati wadalitsika chaka chonse. Misewu ina amaitseka, ndiye lawirani m'mamawa. Masiku ena a nyengoyi, pa Spring Bayou pomwepo mutha kuona ma manatee, zinyama zonenepa zam'madzi zomwe zimabwera kudzabisala kuzizira.

Musanyengeke ndi dzina la Florida n'kusiya juzi. Masana a Januwale kumafunda, madigiri 20 kapena kuposerapo pang'ono, koma mphepo ya kumpoto ikawomba usiku kumazizira ngati ku Dedza mu Juni. Dzazitsani gasi wa chotenthetsera musanafike pakampu, ndipo yesani ngati alamu ya mpweya wapoizoni wa carbon monoxide ikulira. Kuyatsa chitofu chophikira kuti muwothe muli chitsekere ndi kudziitanira imfa.

Mukakhazikika, RV isiyeni pakampu. Ichi ndiye chachikulu. Msewu wa Dodecanese Boulevard, womwe uli pa doko la siponji m'mbali mwa mtsinje wa Anclote, ndi wopapatiza, anthu amangoti piringupiringu, ndipo chigalimoto chotalika chimangokhala chipsinjo. Kwerani basi ya Jolley Trolley kapena palasani njinga pa Pinellas Trail, njira yodutsa pakati pa tauni yomwe kale inali njanji.

Padoko, siponji musagule ndi maso okha. Pemphani ainyowetse, muifinye m'manja. Ya mtundu wa wool ndi yofewa komanso yolimba, n'chifukwa chake mtengo wake ndi wokwererapo. Ya yellow ndi yotchipa. Njala ikakupwetekani, itanitsani spanakopita, chitumbuwa cha sipinachi ndi tchizi, mutsirize ndi baklava, keke ya mtedza ndi uchi. Wofuna gombe apite ku Fred Howard Park, koma n'koyendera masana basi, kugonako saloleza.

Tsiku lonyamuka, valani magolovesi, tayani kaye zam'thanki ya kuchimbudzi, kenako zam'thanki ya madzi osambira ndi otsukira mbale kuti atsuke paipi. Zulani waya wa magetsi, tsekani gasi, ndipo zungulirani galimoto yonse musanalize injini.