Kasankhidwe ka magetsi owalitsira makakitasi m'nyumba

Kakitasi woikidwa pashelefu m'chipinda chochezera safa msanga, ndipo n'chifukwa chake ambiri timazindikira mochedwa kuti akuvutika. Pakapita miyezi ingapo nsonga yake imayamba kuwonda ndi kutumbuluka, minga imatuluka yaing'onoing'ono komanso motalikirana, ndipo mmera wonse umapendekera kumene kuli zenera, monga chimachitira chimanga chomera pansi pa mtengo wa mango. Gawo limene lawonda chotero silinenepanso ngakhale mutalisamalira bwanji, choncho nkhani ya kuwala iyenera kukonzedwa vutoli lisanayambe.

Amatipusitsa ndi maso athu, chifukwa amazolowera mdima mwamsanga, moti chipinda chimene ife timati n'chowala bwino, kwa mmera wa m'chipululu ndi chisisira. Kuwala kofika pamalo amakuyeza mu lux. Dzuwa likakhala paliwombo, panja pamafika pafupifupi 100,000 lux, pamene pakati pa chipinda kawirikawiri sipapitirira 500. Makakitasi ambiri amene timabzala m'miphika kwawo ndi ku Mexico, Bolivia ndi Argentina, ndipo kuti akule onenepa amafuna kuwala kwa pakati pa 15,000 ndi 30,000 lux kwa maola ambiri tsiku lililonse. Nyumba zathu muno mu Blantyre zimawonjezera vutoli, pakuti khonde lalitali, makatani ndi mitengo ya mapeyala pabwalo zimatchinga dzuwa, ndipo m'miyezi ya June ndi July chiperoni chikatsika, phiri la Soche osaoneka n'komwe, masiku amatha kutsatana dzuwa losatuluka.

Musanagule chilichonse, yesani kuwala kumene muli nako kale. Mafoni ambiri amalola kuikamo pulogalamu yoyeza lux, ndipo ngakhale siyeza ndendende, imakwanira kukuuzani ngati pamalopo pali 800 kapena 8,000. Ikani foni molingana ndi nsonga ya mmera, muyeze m'mawa, masana ndi madzulo. Kumbukiraninso kuti malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ku Ulaya ndi ku America, kumene amati zenera labwino ndi loloza kumwera. Ife tili kumwera kwa equator, ndiye kuno zenera lolandira dzuwa m'nyengo yozizira ndi loloza kumpoto. Ngati muli nalo zenera lotero, getsi lanu lidzangothandizira, ndipo simufunika lamphamvu kwambiri.

Pa mitundu ya magetsi, ine ndimalimbikitsa LED yoyera mosakayika konse. Mababu akale a kawaya kofiira mkati amasandutsa mphamvu yambiri kukhala kutentha, ndipo kuti awale mokwanira muyenera kuwayandikizitsa mpaka mmera kupsa. Machubu owonda a fluorescent otchedwa T5 amagwira ntchito bwino, koma amadya magetsi kuposa LED ndipo kuwala kwake kumachepa akamakalamba. Aliponso magetsi ofiirira aja osakaniza timababu tofiira ndi tabuluu, amene amagulitsidwa ngati apadera a zomera. Mmera umakula nawo ndithu, koma pansi pa kuwala kotero simungaone ngati kakitasi wayamba chikasu kapena ngati tizilombo toyera tonga thonje tabisala pakati pa minga, ndipo m'chipinda chokhalamo anthu amatopetsa maso. Sankhani getsi lolembedwa pakati pa 5000K ndi 6500K (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala), limene pabokosi amalemba kuti daylight kapena cool white.

Pamene ambiri amataya ndalama ndi pa mawatsi. Bokosi likhoza kulembedwa 100W ndi zilembo zikuluzikulu, chonsecho tanthauzo lake n'lakuti getsilo limawala ngati babu lakale la mawatsi 100, pamene lokha limadya mawatsi 14 okha. Funani zilembo zing'onozing'ono zonena mawatsi enieni ndi ma lumen, omwe ndi muyeso wa kuwala konse kumene getsi limatulutsa, ndipo ngati bokosi silikunena ma lumen, lisiyeni pomwepo m'sitolo. Masamu ake ndi awa: lux imodzi ndi lumen imodzi pa sikweya mita imodzi. Shelefu ya masentimita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi ndi masikweya mita 0.18, choncho kuti ilandire 20,000 lux pafunika ma lumen 3,600 ogwera pa zomerazo. Popeza kuwala kwina kumamwazikira kumbali, yembekezani kugula ma lumen 4,500 kapena 5,000, amene ndi mawatsi enieni 40 mpaka 50 a LED. Babu wamba la mawatsi 9 limatulutsa ma lumen pafupifupi 800, ndipo limakwanira mphika umodzi waung'ono basi, pokhapokha liri pafupi komanso liri ndi chivundikiro chobwezera kuwala pansi.

Simuyenera kudikira katundu wochokera kunja. Magetsi a LED afulati aja amene timapachika panja usiku poteteza nyumba amapezeka m'masitolo a zamagetsi ku Limbe ndi m'tauni, ndipo la mawatsi 30 kapena 50 loyera limawalitsa makakitasi bwino kwambiri, chifukwa kuwala kwake konse kumaloza mbali imodzi. Ambiri mwa iwo amalembedwa IP65, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo madontho a madzi sawaononga pothirira. Pashelefu yaitali, machubu a LED atatu kapena anayi oyalidwa moyandikana amagawa kuwala mofanana kuposa getsi limodzi. Mukaitanitsa kunja, onetsetsani kuti getsilo limalola mavoti 230, chifukwa ena opangidwira ku America ndi a 120 okha, ndiponso kuti pulagi yake ndi ya mano atatu yolowa m'masoketi athu.

Getsi labwino likapachikidwa kudenga, ndalama zanu zapita pachabe. Kuwala kumachepa mofulumira ndi mtunda, moti babu mukalitalikitsa kuchoka pa masentimita 30 kufika pa 60, mmera umalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Machubu akhale masentimita 15 mpaka 25 kuchokera pansonga, ndipo getsi lafulati likhale pa 30 mpaka 45. Ikani kuseri kwa dzanja pamwamba pa mmera kwa mphindi imodzi, ndipo mukamva kuotcha, kwezani getsilo. Kakitasi amene wakhala mumthunzi musamupatse kuwala konse tsiku limodzi, pakuti khungu lake limapsa n'kusiya zipsera zoyera kapena zofiirira zosapola. Yambirani patali, muzitsitsa pang'onopang'ono kwa masabata awiri. Mitundu nayo imasiyana: Echinocactus ndi Mammillaria akhale pakati penipeni pa kuwala, Gymnocalycium akhale chakumbali, ndipo Schlumbergera, wochokera m'nkhalango za ku Brazil, amakhutira ndi pang'ono.

Yatsani maola 12 mpaka 14 patsiku, kenako muzimitse. Mdima ndi wofunika, chifukwa makakitasi amatsegula timabowo ta pakhungu usiku kuti akoke mpweya osataya madzi ambiri, n'kudzaugwiritsa ntchito masana. Gulani timer yolowetsa pasoketi, imene imayatsa ndi kuzimitsa getsi yokha pa nthawi imene mwaika, ndipo ndi bwino ikhale ya batire mkati, popeza ya gudumu lozungulira imaima magetsi akazima ndipo nthawi yake imasokonekera. Kuzima kwa tsiku limodzi sikuvulaza mmera, choncho musabwezere poyatsa usiku wonse. Za mayunitsi musade nkhawa kwambiri: mawatsi 40 kwa maola 12 ndi mayunitsi 0.48 patsiku, kapena 14.4 pamwezi.

M'nyengo yozizira chepetsani maola kufika pa 10 ndipo muchepetse kwambiri madzi, chifukwa mitundu yambiri imachita maluwa ikapumula pozizira ndi pouma. Kuyambira mu September bwezerani maola pang'onopang'ono, ndipo muziyang'ana pakati pansonga pamene pamatuluka minga yatsopano. Ikamatuluka yothinana, yolimba ndi ya mtundu wowala, kuwala kwakwana. Pakaoneka kadera kobiriwira motumbuluka, tsitsani getsi ndi masentimita 5 kapena onjezani chubu china, ndipo muyezenso ndi foni pakatha masabata atatu.