Kukumbitsa mjigo kumudzi muli ku Harare

Amalawi a ku Mbare ndi ku Mufakose, mukasonkha ndalama za mjigo musazitumize kwa mbale mmodzi. Yambani ndi kalata kwa agulupu, kuti VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, iike mjigowo m'ndondomeko yake. Ikatero nkhani ipite ku ADC, komiti ya chitukuko cha dera lonse la T/A (mfumu yaikulu), kenako ku ofesi ya zamadzi kukhonsolo.

Malo asankhidwe ndi akatswiri oyeza madzi, osati amfumu, ndipo atalikirane ndi chimbudzi mamita 30 kapena kuposa, poti zonyansa zimayenda pansi n'kuipitsa madzi. Musanalipire wokumba, mudzi usankhe komiti ya mjigo, amayi achulukemo, banja lililonse lizisonkha pamwezi ndalama zokonzetsera mjigo. Mijigo yambiri ya mtundu wa Afridev imaima chifukwa cha timphira totha m'kati, tosowa wogula.