Kwa eni kulibe mkuwe: kulankhula za Yesu ndi anthu osawadziwa uli kunja

Aliyense amene anakwerapo basi pa Wenela kapena pa depoti ya ku Lilongwe amamudziwa mlaliki wa m'basi. Basi isananyamuke amaimirira pakati pa mipando, Baibulo m'manja, n'kuyamba ndi "Tiyeni titseke maso." Palibe amadabwa. Ena amavomera Ameni, ena amangopitiriza kusenda nthochi zawo. Tinakula nazo zimenezi, ndiye tikafika kunja ena timayesa zomwezo m'sitima ya ku Manchester, anthu n'kungovala mahedifoni. Ena timatsekeratu pakamwa zaka khumi, Chikhristu chathu n'kutsalira pa gulu la WhatsApp la mpingo.

Ine ndinayamba ndi njira yoyambayo. Chaka changa choyamba ku Britain ndinkagawa timapepala ta uthenga pasiteji ya basi Loweruka lililonse, madzulo n'kutipeza tili m'bini ya pakona pomwepo. Ndinaiwala kuti kwa eni kulibe mkuwe.

Muyambe mwadziwa amene mukulankhula naye. Kalembera wa 2021 ku England ndi Wales anapeza kuti anthu 46 okha pa 100 alionse ndiwo amadzitcha Akhristu, ndipo 37 anati alibe chipembedzo. Ku Scotland, mu 2022, opanda chipembedzo anaposa theka. Kwathu mu 2018 Akhristu anali pafupifupi 77 pa 100. Choncho mawu amene kwathu amamveka ngakhale kwa mwana wa Sande sukulu, monga kubadwanso mwatsopano kapena kusambitsidwa m'mwazi wa Mwanawankhosa, kuno ambiri sawadziwa, mwinanso amawaopsa. Nenani zimene zinakuchitikirani, m'mawu amene mungagwiritse ntchito pogula buledi.

Khomo lolowera simufunika kulisaka, eni ake amalitsegula okha ndi mafunso awiri. Loyamba limabwera Lolemba lililonse: "Kumapeto kwa sabata munatani?" Ambiri timayankha kuti tinangopuma, chonsecho tinali kutchalitchi kuyambira m'mawa. Yankhani zoona: "Ndinali kutchalitchi, ndimaimba kwaya." Mukatero khalani chete. Wina angogwedeza mutu n'kusintha nkhani, msiyeni. Wina afunsa kuti mumaimba m'chilankhulo chanji, ndipo pakapita milungu itatu ndi yemweyo amene adzakuuzeni kuti mayi ake ali m'chipatala.

Lachiwiri ndi lakuti mumachokera kuti. Apa Amalawi tili ndi mwayi umene anzathu ambiri alibe, makamaka ku Scotland. Tchulani Blantyre muone nkhope zawo. Kufupi ndi Glasgow kuli Blantyre wawo, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo amishoni a Church of Scotland amene anafika kwathu mu 1876 anatcha malo awo dzina lomwelo pomukumbukira. Gogo wina pasiteji anandigwira dzanja nditamuonetsa pafoni chithunzi cha tchalitchi ya St Michael and All Angels, ija anamanga David Clement Scott ndi anthu akwathu pakati pa 1888 ndi 1891, iye asanaphunzirepo za zomangamanga. Anandiuza kuti ali mtsikana ankaponya makobidi m'bokosi la mishoni, koma kutchalitchi anasiya mwamuna wake atamwalira. Basi yake inamupitirira tikucheza. Sindinatsegule vesi ndi limodzi lomwe, ndinangomufunsa za malemuwo, ndipo iye ndiye anandifunsa ngati ndimakhulupiriradi kuti akufa adzauka. Pamenepo ndinayankha mosabisa kuti inde, ndi chifukwa chake. Filipo naye pa Machitidwe 8 anayamba ndi funso kwa mdindo wa ku Itiyopiya, ndipo anakwera galeta ataitanidwa.

Tsopano za kuntchito, pakuti apa m'pamene abale athu akupsa zala. Ambiri kuno ku Britain tili ku care, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndi m'zipatala. Lamulo la Equality Act la 2010 limateteza chikhulupiriro chanu, abwana sangakuchotseni chifukwa ndinu Mkhristu. Koma malamulo a bungwe la anamwino la NMC amaletsa kuuza odwala zikhulupiriro zanu m'njira yosayenera, ndipo nyumba zosamalira okalamba zimayendera zofanana. Namwino wina ku Kent anachotsedwa ntchito mu 2016 odwala atadandaula kuti ankawayambitsa nkhani zachipembedzo pamene akukonzekera opaleshoni, atachenjezedwa kale, ndipo khoti la apilo mu 2019 linagwirizana ndi chipatala. Kwa ife amene viza inamangiriridwa kwa olemba ntchito, ntchito ikatha nthawi zambiri umapatsidwa masiku 60 oti upeze ena, apo ayi uzilongedza. Komanso tiyeni tinene chilungamo: munthu amene ukumusambitsa ndi kumudyetsa sangathe kukuuza momasuka kuti "sindikufuna." Kumulalikira pamenepo n'kumupezerera. Gogo akapempha yekha pemphero, uzani oyang'anira shifiti, zilembedwe, ndipo ngati akufuna m'busa kapena wansembe wa mpingo wake muthandize kumuitanitsa. Pa bureki ndi anzanu a ntchito ndi nkhani ina, bola akakana kamodzi musabwerezenso.

Ku Joni zinthu n'zosiyana. Amene mwakhala naye mu taxi mwina wavala kale nyenyezi ya mpingo wa Zion Christian Church (ZCC) pachifuwa ndipo chaka chilichonse pa Pasaka amapita ku Moria, kulikulu la mpingowo. Ameneyo simukumuuza za Yesu koyamba, ndipo mukayamba n'kunyoza mpingo wake nkhani yathera pompo. Moni wa "Sawubona" kapena "Dumela" umatsegula zambiri kuposa Chingerezi chosalala. Ambirinso mumagwira ntchito m'mashopu a Asilamu ku Mayfair ndi Fordsburg, kapena mumagona chipinda chimodzi ndi achimwene a ku Mangochi ndi Machinga. Asilamu amalemekeza Yesu ngati mneneri Isa, choncho pali poyambira, koma kutsutsana za Kurani pakauntala ya abwana kungokuthetserani ganyu. Ngati mapepala anu sali bwino, kusonkhanitsa anthu pamsewu ndi chimkuzamawu n'kudziitanira apolisi. Inu amayi amene muli m'nyumba za ku Oman, Kuwait kapena Saudi Arabia, dziwani kuti kumeneko kukopa Msilamu kuti asinthe chipembedzo kungakugwetseni m'manja mwa boma, ndipo pasipoti mwina ili kale m'manja mwa abwana. Musayambitse nkhaniyi.

Pali zina zimene zimatichotsera ulemu msanga. Kulonjeza munthu kuti akabwera kwa aneneri athu apeza mapepala, ntchito kapena mwana. Kutenga nambala ya munthu lero, mawa lake n'kumuthira mavesi khumi ndi mavidiyo asanadzuke. Kuimitsa ana a eni ake pamsewu makolo palibe, chimene kuno ku Britain chingakufikitseni kupolisi. Ndipo abambo, mukaona kuti mtima wolalikira umakugwirani pokhapokha pakadutsa mtsikana, dzifunseni bwino.

Munthu akaonetsa chidwi, musathamangire kumukokera ku mapemphero athu a Chichewa a maola anayi, kumene akangokhala ngati chitsa osamva kanthu, kenako n'kumuimiritsa kuti alendo tiwaone. Muitanireni kaye kunyumba, adye nsima ya nkhuku ndi mpiru wotendera, aone mukupempherera chakudya monga mumachitira masiku onse. Akafuna tchalitchi, mufunireni ya pafupi ndi kwawo, ya chilankhulo chake, ndipo Lamlungu loyambalo mupite naye, mukhale naye benchi imodzi, ngakhale nyimbo zake zikhale zozizira bwanji.