Mukamva kuti mtima wofooka akuuchiza ndi majini, yambani mwafunsa

Bambo anga amagona atatsamira mapilo atatu. Akagona chagada amabanika, ndipo pofika madzulo mapazi amakhala atatupa mpaka nsapato kukana. Dokotala anatiuza kuti mtima wawo ukagunda umatulutsa magazi osafika 40 peresenti ya amene alowamo, pomwe wabwinobwino umatulutsa opitirira theka. Ndiye mlongo wanga atanditumizira uthenga wakuti kwabwera chithandizo cha majini, ndinakhalira pansi kufufuza. Majini ake si a mizimu ayi, ndi malangizo a m'maselo amene timayamwira kwa makolo.

Yambani mwamvetsa chimene akufuna kukonza. Kuti mnofu wa mtima ufinye ndi kumasuka, kashiamu amayenera kutuluka ndi kubwerera m'nkhokwe yake m'selo lililonse. Kapampu komubweza ndi puloteni yotchedwa SERCA2a, ndipo mu mtima wofooka imachepa. Akatswiri amatenga kavairasi ka AAV, amakachotsa majini ake, n'kuikamo jini ya kapampuko. Kenako amalowetsa kapaipi kakang'ono mumtsempha mpaka kufika pamitsempha yodyetsa mtima, n'kuthira.

Zikumveka bwino eti? Apa ndiye funsani kuti anayesa pa anthu angati. Kafukufuku woyamba wa CUPID anali ndi odwala 39 ndipo zotsatira zinasangalatsa anthu. Atabwereza pa odwala 250 mu CUPID 2, zinadziwika mu 2015 kuti palibe chimene chinasintha: olandira jini ankagonekedwa m'chipatala mofanana ndi amene sanalandire. Ambiri amaganiza kuti jini inafika yochepa kwambiri m'maselo. Kuyambira pomwe ndinawerenga zimenezi, nkhani ya mbewa kapena ya odwala khumi sindithamanga nayo.

Ngati akuitanirani ku kafukufuku, pemphani nambala yake yoyamba ndi NCT, muifufuze pa intaneti, patsamba la ClinicalTrials.gov. Alipo enieni, monga GenePHIT amene akuyesa chithandizo cha majini chotchedwa AB-1002 cha kampani ya AskBio. Koma wokuuzani kuti lipirani tikubayeni, muthaweni. Chithandizochi sichinavomerezedwe pa matenda a kufooka kwa mtima.

Funsaninso za magazi. Anthu ambiri anakumanapo kale ndi AAV osadziwa, thupi linapanga asilikali ake, ndipo asilikaliwo amagwira kavairasiko kasanafike. Oterowo nthawi zambiri amawabweza. Ndipo ukalandira kamodzi thupi limakadziwa, kubwereza kumavuta. Choncho musachite manyazi kufunsa dokotala kuti chiwindi azichiyang'anira bwanji, mankhwala ofooketsa chitetezo mudzamwa kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati n'kutheka kugwera m'gulu lolandira madzi chabe.

Bambo atamva zonsezi anafunsa ngati angasiye mapiritsi podikira. Ndinakana kwamtuwagalu. Sacubitril/valsartan, bisoprolol, spironolactone ndi dapagliflozin ndi amene ali ndi umboni wotalikitsa moyo, ndipo ngakhale ochita kafukufuku amafuna wodwala amene akumwa kale mankhwala ake mokwanira. M'mawa uliwonse asanadye amakwera pasikelo, ine n'kulemba m'kope. Kulemera kwawo kukakwera ndi makilogalamu opitirira 2 m'masiku atatu, ndiye kuti madzi ayamba kudzadza m'thupi, ndipo timaimbira dokotala tsiku lomwelo.