Momwe mungayambire pole dance kunyumba kuno ku Blantyre osagwetsa siling'i ya alandilodi

Ambiri amene amandipeza ku inbox funso lawo ndi limodzi, pole munagula kuti ndipo ndi zingati. Ine ndimayamba ndawafunsa kuti kumwamba kwa chipinda chawo kuli chani, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo, mukhoza kugula pole yodula chotani koma denga likakana ndiye kuti mwangogula choyanikapo matawulo.

Za anthu amene azikunenani kuti mwayamba uhule sinditaya nazo nthawi kwambiri. Awa ndi masewera ovina, kukwera ndi kuzungulira pa chitsulo choimika, ali ndi bungwe lawo la dziko lonse, International Pole Sports Federation, lomwe linayamba mu 2009, ndipo ku India amuna akhala akuchita mallakhamb pa mtengo woimika kuyambira kalekale. Amene akunena adzayese kudzinyamula ndi manja okha kwa masekondi 10 kenako tidzacheze.

Choyamba, kwerani mu siling'i

Ma pole ambiri a kunyumba samangidwa ndi mabawuti ayi. Amakhala ndi mbale yotakata kumwamba ndi ina yocheperapo pansi, nde mukamapotokola kachitsulo kotalikitsira pole ija imakankha pansi ndi kumwamba nthawi imodzi, chimene chimaigwira ndi kukankhako basi. Amene anapanga zimenezi ankaganiza za nyumba za silabu ya konkire kapena za mitanda ikuluikulu. Tsono taganizani nyumba zathu za ku Chilomoni, Machinjiri, Bangwe kaya Chirimba: malata pamwamba, mathirasi, kenako timatabwa tija amakhomerapo bodi ya siling'i. Bodiyo ntchito yake ndi kubisa fumbi ndi makoswe, siinaikidwe kuti munthu wa makilo 70 azizungulira m'munsi mwake.

Ineyo ndinaitana kalipentala wina wa m'dera mwathu, bambo ooneka odziwa ntchito, pensulo ili kukhutu. Anagogoda siling'i ndi chala, go go apa, go go apo, nkuti "amayi apa pali mtanda, ikani pompa, olo ng'ombe ikhoza kulendewera." M'mwambamo sanakweremo. Pole inaima bwinobwino, kuigwedeza ndi manja ili nji. Koma mapazi atangochoka pansi ndinangomva phwa, mbale ija yalowa m'siling'i, pole yapendama, ine ndili pansi chagada fumbi lakuda ndi zitosi za mileme zikundithira kumaso. Chimene bambo aja ankati mtanda kanali ka 2 by 2 kokhomerapo bodi, kanazuka ndi misomali yake yomwe. Chiuno chinapola koma dipoziti ya nyumba inapita.

Nde musadalire kugogoda. Pezani kachitseko kolowera m'siling'i, nthawi zambiri kamakhala mu kolido kapena kubafa, kwerani ndi tochi kapena mutume munthu koma akujambulireni pa foni muone nokha. Chitani m'mawa, masana pansi pa malata kumaotcha zosati masewera makamaka Okutobala. Zimitsani main switch chifukwa mawaya amangoyalidwa m'menemo, ndipo muziponda pa matabwa akuluakulu okha, mukaponda bodi mutulukira ku sitting room.

Chimene mukusaka ndi thabwa la m'munsi la thirasi, lija limachoka khoma ili kukafika khoma linalo. Mukalipeza libayeni ndi sikuludalaiva muone ngati chiswe sichinalidye mkati, matabwa ambiri amaoneka abwino kunja mkati muli dothi lokhalokha. Ndipo olo lili labwino thabwa limodzi palokha sindilikhulupirira. Chomwe chinandithandiza ine, kalipentala wachiwiri anaika thabwa lochindikala la 2 by 6 lopingasa, kulimanga ndi mabawuti ku mathirasi awiri, likukhudza bodi ya siling'i popanda mpata olo wa chala. Mpatawo ndi umene umaswa bodi. Muwauze momveka kuti mphamvu ikukankhira kumwamba komanso cham'mbali, chifukwa iwo anazolowera kumanga zoti zinyamule katundu wotsikira pansi, nde amangokhoma misomali iwiri kuchokera pamwamba nkumati zatheka, pomwe misomali imeneyoyo ndi imene imazuka. Akamaliza akhome kamsomali kakang'ono kutulukira m'chipinda kuti mudziwe pakati pa thabwalo.

Ngati nyumba ndi yanu kapena alandilodi ndi omasuka, gulani kachitsulo kapamwamba komangira ndi mabawuti m'malo mwa mbale ija, makampani a pole amagulitsa padera. Mugona tulo.

Amene mukukhala m'mafulati osanjikiza, chipinda cha pansi chokhala ndi silabu, inu ndi odala, ikani paliponse. Ingoonetsetsani kuti ndi konkire yeniyeni osati bodi yolendewera m'munsi mwa silabu, ena amaika pobisa mapaipi. Siling'i ya PVC iwalani, nyumba yopanda siling'i iwalaninso. Kumeneko zotsala ndi pole yokhala ndi chibenchi chake chozungulira pansi yomwe siikhudza denga, koma ndi yolemera komanso mtengo wake ndi wina, kapena kukumba panja nkuzika chitsulo ndi simenti ngati mpanda wanu ndi wautali ndipo ana a neba sakwera mu mtengo wa mango.

Chachiwiri, tepi

Yezani kuchoka pansi kufika kumwamba pamalo enieniwo mukufuna kuikapo, osati pakhoma, pansi pa nyumba zambiri sipofanana. Pole ya kampani ya X-Pole yotchedwa XPert mwachitsanzo imakwana kuyambira 2235 mm kufika 2745 mm, kupitirira apo pamafunika chidutswa choonjezera, ndipo chiitanitseni limodzi ndi pole yo chifukwa kudzaitanitsa chokha transport yake idzakuwawani. Mbali zonse pakhale malo osachepera mita imodzi ndi theka. Bedi, wadiropu ya galasi, fani ya kudenga, babu yolendewera, zonsezo zisunthe.

Chachitatu, pole yanji

Kunenepa kwake ilipo ya 40 mm, 45 mm ndi 50 mm. Ya 45 ndi imene amagwiritsa ntchito pa mipikisano yambiri ndipo mavidiyo ambiri ophunzitsa mudzaona ndi imeneyo, tengani imeneyo. Ya 40 ndi ya a manja ang'onoang'ono, imagwirika bwino m'manja koma imaluma kwambiri m'ntchafu. Ya 50 ndi yachikale, manja amatopa msanga.

Chitsulo chake, ya chrome ndi yomwe imapezeka kwambiri komanso yotsikirako mtengo. Koma ngati ndolo za pa msika kapena chitsulo cha lamba zimakutulutsani tizilonda toyabwa ndiye kuti thupi lanu silifuna nickel, ndipo chrome imakhala ndi nickel pansi pake, inu tengani stainless steel. Stainless imaterera pang'ono kuposa chrome koma siichita dzimbiri nthawi ya mvula. Ya brass imagwira bwino kukatentha, ili bho kwa a thukuta lambiri, mtengo wake ndi umene uli wamwano. Ya silicone mumavina mutavala thalauzi, ena amaikonda chifukwa cha manyazi koma pa khungu imakwecha moti simungazungulire nayo bwino, ine sindingakulangizeni ngati yoyamba.

Ina imangoima chilili, ina imatha kuzungulira yokha mukaimasula. Gulani yochita zonse ziwiri ngati thumba likulola koma miyezi yoyambirira ikhale yokhoma. Yozungulira imabweretsa chizungulire mpaka kusanza, komanso imakuponyerani kunja manja asanalimbe.

Za kogula tsono. Zenizeni zodziwika ndi monga X-Pole ndi Lupit, ndipo njira yomwe ambiri timadutsa ndi ya ku Joni, kugula kwa ogulitsa ovomerezeka nkupatsa a transporter kapena wachibale wobwera pa basi. Ndi ma rand masauzande angapo, muonjezepo transport, msonkho pa boda ya Mwanza, komanso rate ya rand yomwe mukuidziwa kale mmene ikuyendera. Ikamafika m'manja mwanu yadya lendi ya miyezi. Apa ndi pomwe anthu amakopeka ndi ma page a pa Facebook ndi ma group a WhatsApp aja amati "original, from UK, deposit half", chithunzi chotenga pa intaneti, mukangotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba nambala yazima. Ena katundu amabweradi koma ndi wa feki, bokosi lolembedwa dzina lenileni mkati muli chitsulo chopyapyala, molumikizira mwa pulasitiki, chrome yake imasupuka nkumacheka manja. Muuzeni akujambulireni vidiyo atanyamula zidutswa zonse ndi kabuku kake, mufunse kulemera kwake. Yeniyeni imapitirira makilo 10, ikakhala yoti mwana akunyamula ndi dzanja limodzi isiyeni. Ndipo musalipire musanaigwire.

Nanga owotcherera a ku Ndirande kapena Limbe sangapange? Angathe, anyamata aja ndi aluso, koma ikhale yoima chilili, chitsulo chimodzi chopanda cholumikiza pakati, chokhala ndi mbale zomangira mabawuti pansi ndi pamwamba. Vuto ndi paipi yake. Ya madzi ija ndi yokhakhala, yopenta utoto umamatirira m'manja nkusupuka, ndipo stainless imene imapezeka msanga m'ma hardware ndi ya ma handrail, nthawi zambiri 38 kapena 50 mm, yopyapyala moti imapindika munthu akalendewera pakati. Funsani yochindikala, ndipo powotcherera ponse apale mpaka mutadutsitsa nsalu osakodwa. Za ma bearing kuti izizungulira musayese nkomwe.

Chachinayi, kuimika

Tsatirani kabuku kake, palibe chovuta. Ziwiri zokha: ikhale yowongoka, yezani ndi levulo mbali ziwiri kapena chingwe chomangirira mwala, ndipo pansi pomwe pakhale mbale chotsani polishi yense ndi sopo. Simenti yathu yofiira yopaka kobra ija imatereretsa mbale, matayilosi nawo muike pakati pa tayilo yolimba osati yomveka mphako. Mukamaliza igwedezeni mwankhanza, ilendewereni mapazi ali pafupi ndi pansi, kenako muzungulire pang'ono. Muzichita zimenezi tsiku lililonse musanayambe, matabwa amafufuma ndi kuuma malinga ndi nyengo nde pole imamasuka yokha.

Pansi pafunika chogwerapo. Crash mat yeniyeni imakhala ndi bowo pakati, koma matiresi ya high density yakale mutaiboola nkuicheka mbali imodzi imagwira ntchito. Mphasa ndi kapeti si chogwerapo.

Chachisanu, thupi lanu

Tsiku la pole osadzola. Vaselini, glisalini, loshoni, zonse dikirani mukamaliza, apo ayi chitsulo chimaterera ngati mlamba ndipo mafutawo amatsalira mpaka mawa. Ndikudziwa kuti Juni ndi Julayi miyendo imatuwa, pirirani. Pukutani pole ndi sipiriti wa ku pharmacy pa kansalu koyera musanayambe komanso pakatikati. Zovala ndi kabudula wamfupi ndi sports bra kapena vesiti, za pa kaunjika mu Limbe zili bho, chifukwa chimene chimagwira chitsulo ndi khungu la m'ntchafu, kuseri kwa bondo ndi m'mbali mwa mimba, leggings imakutsitsani ngati thumba. Mphete, wotchi, zibangili ndi mikanda ya m'chiuno vulani, zimakanda pole komanso zikhoza kukodwa. Nsapato zazitali zija zisiyeni kaye, yambani ndi mapazi.

Nthawi ya chiperoni chitsulo chimazizira ndipo sichigwira, chitenthetseni pochikwecha ndi manja kapena kungozungulirapo kangapo. Kukatentha vuto ndi thukuta, liquid chalk ya anyamata a ku gym imathandiza, kapena mankhwala oumitsa manja otchedwa Dry Hands ngati mwapeza wobwera nawo. Musazolowere kupaka zambiri, manja amayenera alimbe okha.

Chachisanu ndi chimodzi, kuvina kwenikweniko

Tenthetsani thupi mphindi 10, makamaka mapewa ndi mfundo za manja. Download mavidiyo a oyamba kumene pa YouTube usiku ndi bandulo yotchipa, musamatsatire za pa TikTok, amene aja ali ndi zaka akuchita. Yambani ndi kuyenda mozungulira pole, kenako mazunguliridwe oyambira otchedwa fireman spin, chair spin, back hook. Phewa lisamakwere kukhutu, likokereni pansi, ambiri amavulala pamenepo. Chilichonse chitani mbali zonse ziwiri olo kumanzere kukuoneka kopusa. Zikakhazikika phunzirani kukwera ndi kukhala pa pole mutapana ndi ntchafu, izi zimawawa zedi ndipo mudzatuluka mabala akuda m'miyendo, amatha okha khungu likazolowera, koma kuntchito konzekerani mafunso.

Katatu pa sabata ndi zokwanira, muzipumitsa tsiku pakati. Kuzondoka mutu pansi dikirani mpaka muzitha kukweza mawondo kufika pachifuwa mutalendewera osadumpha, ndipo tsiku loyesa pakhale munthu wokugwirani m'chiuno, osati muli nokha chitseko chokiya. Mowa ndi pole siziyendera limodzi. Muzidzijambula pa foni kuti muone zomwe mukulakwitsa, koma foniyo ikhale ndi password. Apongozi akamabwera pole yokankha ija imachoka pa mphindi zochepa, ingolembani ndi pensulo mozungulira mbale pansi ndi kumwamba kuti pobwezera ikhale pomwe inali.